Chingerezi chikamakanika mu Fomu 1: pofufuza ndi pokonza pake

Teremu yoyamba ikafika pakati, m'chipinda cha aphunzitsi mumamveka dandaulo lomwe lija: "Ana a Fomu 1 a chaka chino ndiye palibe chomwe akudziwa." Chaka chatha tinanenanso chimodzimodzi, ndipo amene tinkawanenawo pano akukonzekera JCE. Ndaphunzitsa Chingerezi pa CDSS (sekondale yoyendera ya m'dera) ina yakumudzi kwa zaka zambiri, ndipo mavuto ake sasintha. Zimasintha ndi nkhope za ana basi. Ndawalemba pano kuti inu amene mwapatsidwa Fomu 1 koyamba musavutike n'kulambula njira imene anzanu anadutsamo kale.

Tikumbuke kumene ana awa akuchokera. Lamulo la maphunziro la 2013 limati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, koma kupulayimale mphunzitsi amalemba Chingerezi pa bolodi n'kufotokoza m'Chichewa. Mwana akaweruka amabwerera ku Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena. Akafika kusekondale amapeza kuti Masamu, Bayoloje, Jogalafe, zonse zili m'Chingerezi, ndipo kutsogoloko satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale maphunziro enawo atakhoza bwanji.

## Musanayambe silabasi, yezani

Sabata yoyamba musathamangire mutu woyamba wa m'buku. Ena onse akulemba, itanani mmodzimmodzi kwa mphindi ziwiri. Kalasi ya ana 80 imatha m'masiku anayi kapena asanu.

- Awerenge mokweza ndime yaifupi ya Chichewa.
- Awerenge ndime ya m'buku la Chingerezi la Sitandade 6, kenaka akuuzeni m'Chichewa zimene wamva.
- Kalasi yonse ilembe lembetso la ziganizo zisanu.
- Aliyense alembe ziganizo zisanu za kwawo, osaonera paliponse.

Sungani mapepalawo. Pafupifupi chizindikiro chilichonse chili m'munsimu chidzakubwezerani kwa iwo.

## Chizindikiro 1: Mukafunsa funso, kalasi yonse zii

Chinzake cha chizindikiro chimenechi ndi "Yes, sir!" kapena "Yes, madam!" wa kalasi yonse mukafunsa ngati amva. Ameneyo ndi ulemu chabe, musamuwerengere.

Zoyambitsa, kuyambira chimene chimachitika kwambiri:

1. Funso silinamveke. Mumayankhula mothamanga, ndi ziganizo zazitali. Kuti mudziwe, uzani mmodzi anene funsolo m'Chichewa. Akalephera, vuto lili pa funso osati pa yankho. Fupikitsani, lembani funsolo pa bolodi, ndipo malangizo a m'kalasi muziwanena ndi mawu omwewo tsiku lililonse mpaka awazolowere.
2. Akuopa kusekedwa. Funsani funso lomwelo kwa ana awiriawiri. Mukamva manong'onong'o a Chingerezi, ndiye kuti yankho alinalo koma pagulu sangayerekeze. Ayambe ayankhana awiriawiri, kenaka musankhe woyankha. Woseka mnzake muthane naye tsiku loyamba lomwelo, ndipo inunso musaseke, ngakhale cholakwacho chikhale choseketsa chotani.
3. Simudikira. Mwana amamva funso m'Chingerezi, n'kulitembenuza, kupeza yankho, kulitembenuzanso. Zimenezi zimafuna nthawi. Werengani chamumtima mpaka teni musanaloze munthu. Mudzaona manja a ana amene mumayesa osayankhula.
4. Chilango cha kuyankhula chiyankhulo cha makolo. Sukulu zina zimalemba mayina a oyankhula Chichewa n'kuwapatsa ntchito yotchetcha kapena yokolopa. Ine sindinaonepo mwana amene anaphunzira Chingerezi ndi chikwakwa. Chimene amaphunzira n'kutseka pakamwa. Ndi bwino kupatula nthawi yodziwika, monga mphindi 15 mwa mphindi 40 za phunziro, imene aliyense ayankhule Chingerezi chokhachokha, ndipo muziitalikitsa pang'onopang'ono.
5. Njala ndi mtunda. Ngati bata limeneli limabwera m'mapiriyodi omaliza okha, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, galamala ilibe mlandu. Pemphani kuti Chingerezi chiziikidwa m'mawa masiku ena.

## Chizindikiro 2: Amawerenga mokweza bwinobwino, koma mafunso a kumvetsa nkhani amakopera chiganizo chonse

Mudzamuzindikira msanga: funso likakhala ndi mawu oti "market", amafunafuna chiganizo chokhala ndi "market" n'kuchikopera chonse.

1. Mawu osadziwika achuluka. Ofufuza za kaphunziridwe ka ziyankhulo amati munthu ayenera kudziwa mawu osachepera 95 mwa 100 aliwonse kuti amve nkhani payekha. Mpatseni ndime ya mawu 100, alembe mzere kunsi kwa mawu onse amene sakuwadziwa. Akapitirira asanu, nkhaniyo yamukulira. Phunzitsani mawu asanu kapena asanu ndi atatu ofunika kwambiri musanawerenge. Mawu ngati "drought" kapena "debt" ingowauzani kuti ndi chilala, ngongole. Kuzungulira mphindi zisanu kufotokoza m'Chingerezi chinthu chimene mawu amodzi a Chichewa akanamaliza n'kutaya nthawi.
2. Anazolowera kuti kuwerenga ndi kutchula. Chichewa chimawerengedwa monga chalembedwera, choncho mwana wochenjera amatha kutchula tsamba lonse la Chingerezi mutu uli kwina. Awerenge chamumtima, atseke buku, afotokozere mnzake. Funsani mafunso amene yankho lake silingakopedwe: "Ukanakhala iwe ukanatani?"
3. Timawu tolumikiza sakutidziwa. "However", "although", "unless", "despite" ndi timene timatembenuza nkhani. Ambiri amayesa "unless" ndi "if". Lembani timawuti pa tchati pamodzi ndi matanthauzo ake, chikhale pakhoma chaka chonse.
4. Sawerenga kanthu kena kupatula notsi. Buku limodzi likamagwiritsidwa ndi ana asanu, amene ali kumapeto kwa desiki amangoona chikuto. Sonkhanitsani nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times, dulani nkhani zazifupi, matani pa makatoni. Nkhani za mpira zimatha kuwerengedwa mpaka pepala kung'ambika. Malangizo a pa thumba la mbewu kapena pa paketi ya sopo nawonso ndi Chingerezi. Ngati muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, kafunseni za kubwereka mabuku a ana, ndipo musachite manyazi kutenga a msinkhu wa pulayimale.

Ngati pa kuyeza kuja mwana analephera ngakhale ndime ya Chichewa, vuto lake si Chingerezi. Sanaphunzire kuwerenga. Ameneyo amafuna maphatikizo, payekha kapena m'kagulu, anzake atawerukira kuti asachite manyazi. Yambani ndi Chichewa, chifukwa malembo ake sanama.

## Chizindikiro 3: Katchulidwe kamasokoneza tanthauzo, ndipo masipelo amatsatira katchulidweko

Apa pali zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimachokera m'Chichewa mwenimwenimo. Mukazidziwa mudzasiya kukalipa.

1. Malembo a liwu. Chichewa chili ndi maliwu asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20. Khutu la mwana limawapanikiza onsewo m'mabokosi asanu, ndiye "ship" ndi "sheep" ndi amodzi, "live" ndi "leave" ndi amodzi, "hat", "hut" ndi "heart" onse amatuluka "hati". M'kope mudzapeza "I leave in Dowa". Yambani ndi khutu, pakamwa pambuyo: lembani mawu awiriwo pa bolodi, wina nambala 1 wina nambala 2, tchulani limodzi, ana akweze chala chimodzi kapena ziwiri. Mphindi zitatu pa phunziro n'zokwanira.
2. L ndi R. M'Chichewa awiriwa sasiyanitsa tanthauzo. Timangolemba r ikamatsatira e kapena i, monga mu "lero" ndi "mbiri", ndipo l pena ponse. Mwana sanafunikepo kuwasiyanitsa moyo wake wonse, lero mukumuuza kuti "pray" ndi "play", "rice" ndi "lice", "long" ndi "wrong" ndi zinthu zosiyana. Muonetseni lilime: pa l nsonga yake imagunda nkhama za kumwamba, pa r sigunda. Limeneli silitha teremu imodzi, ndipo ife aphunzitsi ambiri tikadali nalo tikatopa.
3. Kuwonjezera liwu kumapeto. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limatha ndi lembo la liwu. N'chifukwa chake "school" tinamusandutsa sukulu, "book" buku, "spoon" supuni. Mwana akamati "andi" m'malo mwa "and" akungotsata lamulo la chiyankhulo chake. Choopsa chili pa mawu otha ndi malembo opanda liwu angapo, monga "asked", "texts", "months". Ambiri amangodula mchirawo, ndipo pamodzi ndi mchira zimapita "-ed" ndi "-s". Cholakwa chimene mumayesa cha galamala nthawi zina chimakhala cha khutu.
4. Th ndi ph. Kwathu "th" ndi wa thobwa ndi thumba, "ph" ndi wa phala ndi phiri. M'Chingerezi "ph" ndi f, ndipo "th" amafuna lilime pakati pa mano. Ph amakonzeka tsiku limodzi. Th musataye naye nthawi yambiri, chifukwa munthu akati "dis" kapena "tink" amamvekabe.

Cholinga si kuti mwana wa ku Ntchisi aziyankhula ngati wowerenga nkhani pa BBC. Konzani zokhazo zimene zikusintha tanthauzo kapena zikuwononga masipelo. Ndipo muwauze poyera kuti kalembedwe ka Chingerezi n'kosakhulupirika: malembo 26 amanyamula maliwu pafupifupi 44, ndipo "though", "through", "tough" ndi "cough" amafanana maso okha. Ana amapepukidwa mtima akamva kuti vutolo si mutu wawo.

## Chizindikiro 4: Chimangirizo ndi Chichewa chovala malaya a Chingerezi

Ichi ndiye chimadzaza makope. Mwana amaganiza m'Chichewa n'kumasintha liwu ndi liwu. Nazi zimene zimabwerabwera, kuyambira zofala kwambiri:

- "He" ndi "she". Ife tili ndi "iye" mmodzi yekha. Ndiye mudzawerenga "My mother he is a farmer". Kuti mudziwe ngati ndi kusadziwa kapena changu, lozani chiganizocho osanena kanthu. Akakonza yekha, lamulo akulidziwa, chikusowa ndi chizolowezi. Tsiku lililonse mmodzi anene ziganizo zitatu za mtsikana ndi zitatu za mnyamata wa m'kalasi momwemo.
- Nthawi ya aneni. M'Chichewa "-na-" amagwira pa mneni aliyense: ndinapita, ndinagula, ndinadya. Chingerezi chimati "went", "bought", "ate", popanda lamulo lomveka. Aneni osamvera malamulowa amangofuna kuloweza, asanu pa sabata, koma m'ziganizo osati pa mndandanda. Samalaninso ndi "Did you went?", amene amabwera mwana atangoyamba kudziwa "went". Chimenecho ndi chizindikiro chakuti akupita patsogolo.
- "A", "an", "the". Kwathu kulibe. Musayembekeze kuti atha mu Fomu 1. Phunzitsani lamulo limodzi lokha: chinthu chikatchulidwa koyamba ndi "a", chikabweranso ndi "the".
- Ulemu wochulukitsa. "The headteacher, they are calling you." Mwanayu waleredwa bwino, akuti "Ahedi akukuitanani". Muuzeni kuti Chingerezi chimati "he" kapena "she" ngakhale kwa agogo, ndipo si mwano. Ena amakana kukhulupirira. Aonetseni kumene Chingerezi chimabisa ulemu wake: "please", "would you", "may I".
- Liwu limodzi kwathu, awiri kwawo. "Ndibwereke cholembera" amabala "Borrow me a pen". "Kumva" kumanyamula "hear", "understand", "feel" ndi "smell", ndiye mudzapeza "I am hearing the smell of fish". "Wadya ndalama" amasanduka "He has eaten the money".
- Inde ndi ayi pa funso lokana. Mukafunsa "Sunabwere dzulo?" mwana amati "Eya", kutanthauza kuti sanabwere. M'Chingerezi yankho la "Didn't you come?" ndi "No, I didn't". Ndinalangapo mwana poganiza kuti akundinamiza, pamene iye ankanena zoona m'njira ya kwathu. Muziwauza ayankhe ndi mbali zonse ziwiri, "Yes, I did" kapena "No, I didn't".
- "Am asking for permission." "I" amasowa chifukwa m'Chichewa "ndi-" amamatirira ku mneni. Mauthenga a pa WhatsApp alimbitsa chizolowezichi, ndipo akuluakulu ambiri amalemba chomwecho.

Kakonzedwe kake n'kamodzi. Gawani bolodi pawiri, lembani chiganizo cha Chichewa mbali ina, cha Chingerezi mbali ina, ana apeze okha pamene zasiyana. Tengani cholakwa chimodzi pa sabata. Amene amaletsa Chichewa m'kalasi ya Chingerezi amadzimana chida chimenechi. Ngati ana anu ambiri ndi Ayao kapena Atumbuka ndipo inu chiyankhulocho simuchidziwa, afunseni mmene amanenera kwawo. Amasangalala kuphunzitsa aphunzitsi.

## Chizindikiro 5: Pa mayeso a galamala amakhoza, koma ndime imodzi yokha imawakanika

1. Anazolowera kusankha A, B, C, D. Kuzindikira yankho lolondola ndi luso lina, kupanga chiganizo ndi linanso. Chepetsani manotsi a matanthauzo. Mwana amene amalakatula kuti "A noun is a naming word" koma sangalembe kalata kwa malume ake sanathandizidwe. Lembani ndime imodzi pa bolodi pamodzi ndi kalasi, fufutani mawu ena, adzaze, kenaka alembe yawo yofanana nayo.
2. Analoweza zimangirizo. Makope khumi akayamba ndi chiganizo chimodzimodzi chokongola, chokhala ndi mawu amene mwiniwake sangawatanthauzire, mwapeza gwero. Perekani mitu imene siili m'mapamfuleti: tsiku la msika kwanu, mmene mumaumbira njerwa, ulendo wa kuchigayo. Alembe m'kalasi inu mukuona.
3. Mutu wake alibe nawo chonena. Mwana amene sanakwerepo ndege musamufunse za ulendo wa pandege.

## Chizindikiro 6: Mwachonga, akonza, sabata yamawa cholakwa chomwecho

Kawirikawiri vuto ndi inki yofiira. Tsamba likafiira lonse, mwana amangoona malikisi n'kutseka kope. Muuzeni pasadakhale kuti lero muchonga aneni okha. Musamulembere yankho, ingoikani chizindikiro m'mphepete mwa mzere kuti afufuze yekha, ndipo mpatseni mphindi zisanu m'kalasi zochitira zimenezo. Makope 80 simungawachonge onse mozama sabata iliyonse. Chongani 20 mosamala, enawo asinthane, sabata yamawa mutenge 20 ena.

Chifukwa china n'chowawa kuchinena: cholakwacho akuchimva kwa ife. Ambiri pa ma CDSS tinapatsidwa Chingerezi chifukwa panalibe wina. Si mlandu. Musanaphunzitse mawu amene mukukayika, yang'anani m'dikishonale kapena mverani katchulidwe kake pa foni. Pemphani mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu tsiku lina, ndipo pa misonkhano ya kilasita (gulu la sukulu zoyandikana) funsani anzanu mmene amachitira. Ngati mpata wokawonjezera maphunziro ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi kapena ya Nalikule wapezeka, musaukane.

## Pamene muyenera kusiya ndi kuitana odziwa

Zonse zapamwambazi ndi za kalasi yonse kapena gulu lalikulu. Koma pakakhala mwana mmodzi amene sakusuntha anzake akusuntha, lekani kumuwonjezera ntchito ndi zilango. Yang'anani izi:

- Makutu. Amatembenuza mutu mbali imodzi, amayang'anitsitsa pakamwa panu, lembetso amalephera koma kukopera pa bolodi amakhoza, kapena khutu limatuluka mafinya. Imani kumbuyo kwake, muitaneni motsitsa m'chiyankhulo chake. Akapanda kuyankha, mukhazikeni kutsogolo ndipo uzani makolo apite naye kuchipatala. Musathire kanthu m'khutu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli chipatala choyeza makutu, ndipo chipatala cha boma chapafupi chingathe kumutumiza koyenera.
- Maso. Amatsinzina poyang'ana pa bolodi, amakopera kwa mnzake m'malo mwa pa bolodi, amayandikitsa buku kumaso, mutu umamupweteka akawerenga. Akayezedwe maso. Mwana wachialubino akhale kutsogolo kuyambira tsiku loyamba, kumbali kosawala dzuwa, ndipo zolemba zake zikhale za malembo akuluakulu.
- Kuwerenga kosatheka m'ziyankhulo zonse. Poyankhula ndi wanzeru, koma patatha teremu yathunthu ya maphatikizo akusokonezabe b ndi d, akudumpha mizere, liwu limodzi akulilemba mitundu itatu pa tsamba limodzi. Musamutche dzina la matenda, si ntchito yanu. Kudzera mwa ahedi, funsani ku ofesi ya maphunziro ya divishoni yanu kuti aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofuna thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.
- Chibwibwi. Ngati chilipo m'Chichewa momwe, si mantha a Chingerezi. Musamumalizire mawu, musamukakamize kuwerenga pagulu, ndipo funsani malangizo kwa aphunzitsi omwewo.
- Kuti duu kwa kanthawi. Amangoyang'ana malo amodzi masekondi angapo, osamva mukamuitana, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Izi zikamachitika kawirikawiri zikhoza kukhala mtundu wina wa khunyu. N'za kuchipatala.
- Kusintha mwadzidzidzi. Mwana amene ankayankha wangoti zii, akujomba, akugona m'kalasi, kapena walemba m'chimangirizo zinthu zokudetsani nkhawa. Ana ena amalemba zimene sangathe kunena. Musawerenge pagulu, musamufunse anzake akumva. Dziwitsani ahedi tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi mtsikana pakhale mphunzitsi wamkazi kapena amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulupo. Pakakhala nkhani ya nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Musayese kuweruza nokha nkhaniyo ndi makolo.

Potumiza mwana kwa aliyense mwa amenewa, lembani kakalata kakafupi: zimene mwaona ndi maso anu, kuyambira liti, kangati pa sabata, ndi zimene mwayesa kale. Ikanimo pepala la kuyeza kwa sabata yoyamba lija pamodzi ndi tsamba limodzi la kope lake la panopa. Makolo muwafotokozere m'chiyankhulo chawo, mutakhala pansi, mwanayo ali pomwepo, ndipo muyambe ndi zimene amachita bwino.